Tsamba la M'mwala wa ku Joni

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene ndinaona bambo anga koyamba ndi maso ozindikira. Anachoka ndili kumsana, kupita ku migodi ya malasha ku Joni, ndipo chomwe ndinkadziwa cha iwo chinali chipewa chawo chakale chimene chinkalendewera pa msomali kuseri kwa chitseko. Tsiku limene anatsika sitima pa Sharpevale, mudzi wonse unakhamukira kwathu ngati kuli ukwati. Ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe. Sindinkaona chifukwa chokagwadira munthu wachilendo wovala jekete padzuwa lotentha chotero, ngakhale aliyense ankanena kuti mphuno yanga ndi yake yomweyo.

Kwathu ndi kuchigwa cha Bwanje, kumene anthu amalima mpunga m'madambo ndipo udzudzu umadziona ngati nawonso ndi eni mudzi. M'nyumba mwathu mwana ndinali ndekha. Mchimwene wanga anamwalira ali khanda ine ndisanabadwe, ndipo pambuyo panga panalibe wina, popeza mwini nyumba kunalibe. Amayi anga, a Nangozo, anali munthu wosalankhulalankhula. Tinkatha kudya, kutsuka mbale ndi kuyala mphasa titangolankhulana mawu ochepa okhudza mchere ndi nkhuku. Sikuti ankandida ayi. Pakamwa pawo panali polemera basi, ndipo ine ndinatengera.

Ababa, monga timaitanira kwathu, anabwera ndi bokosi lachitsulo. Munatuluka mabulangeti, wayilesi, nsalu za amayi, ndi nsapato zanga zimene zinandichepa chifukwa anagula poganizira mwana amene anamusiya. Anthu ataona zonsezo n'kubalalika, iwo anandiitana pakhonde.

"Lusiya, tabwera kuno. Pali china chako chimene sichingakuchepe."

Anatulutsa kanthu kokulungidwa m'sokosi. Unali mwala wophwatalala, wotuwa moderako, waukulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Ndinakhumudwa, sindibisa. Ana a anzawo ankalandira zidole zotsinzina maso, ine mwala, ngati kuti ku Ntcheu miyala inatha. Koma atautembenuza ndinaona tsamba. Silinali lojambulidwa ndi khala, komanso silinali lomatidwa ndi ulimbo. Linali m'mwala momwemo, lakuda, lalitali ngati lilime la ng'ombe, lokhala ndi mtsempha wapakati ndi timitsempha tina tothinana topita m'mbali. Ndinalikanda ndi chikhadabo kuti ndilimatule, koma ndinangokanda mwala.

Ababa anati analipeza pansi pa dziko. Anafotokoza kuti kuntchito kwawo amatsika pa chikepe kulowa mumdima kumene dzuwa silinafikeko, ndipo ukaunika denga la mgodi ndi nyali ya pachipumi, malo ena umaona masamba okhaokha atagonerana ngati patsinde pa mtengo m'chilimwe. Ndinawafunsa kuti mtengo ungamere bwanji kumene kulibe dzuwa kapena mvula. Anaseka mpaka kutsokomola, nauza amayi kuti mwanayu adzavutitsa aphunzitsi. Funso langalo sanaliyankhe.

Anakhala nafe nyengo yodzala mpunga. Manyazi anga anatha msanga, ndipo ndinayamba kuwalondola paliponse ngati kamwana ka mbuzi. Ndinadziwa fungo la sopo wawo, ndinadziwa mluzu umene ankaimba pometa ndevu. M'nyumba mwathu munamveka phokoso la anthu atatu, ndipo ndinazindikira kuti kale monsemo munali zii. Tchuthi chawo chitatha tinawaperekeza ku siteshoni. Sitima itayamba kumveka kutali, ine ndinakumbatira mwendo wawo n'kulira mokuwa, kulira kochititsa manyazi kuja kumene anthu amatembenuka kuti aone mwana wa yani. Amayi anandikoka koma sindinasiye. Ababa ananjuta, nandigwira mapewa.

"Tamvera. Mwala uja uli kuti?"

"Uli kunyumba."

"Tsamba lija ukudziwa mtengo wake?"

Ndinapukusa mutu.

"Ndiye ntchito yako ndi imeneyo. Uufunefune mtengo umenewo. Ukadzaupeza, ine ndidzabwera udzandionetse."

Ndinasiya kulira. Anakwera sitima, ndipo chomaliza chimene ndinaona chinali dzanja lawo pazenera. Munthu wamkulu akanamva mawu amenewo ngati otonthozera mwana. Ine ndinawamva ngati pangano, loti kubwera kwa bambo anga kwatsamira pa ine.

Ndinayamba tsiku lomwelo ndi mango wa pakhomo pathu. Njira yanga inali yosavuta: kuthyola tsamba, kuligoneka pa la m'mwala, n'kuyang'ana ngati m'mbali ndi mitsempha zikugwirizana. La mango linali ndi mitsempha yotalikirana. La bulugamu linali lopindika ngati chikwakwa. La gwafa linali lalifupi, la mkuyu lonenepa. Ndinamaliza mitengo ya m'mudzi, ndinalowa ya m'mbali mwa njanji, kenako ya kumtsinje. Akandituma kukaingitsa mbalame kumpunga, mbalame zinkadya mwamtendere ine ndili m'tchire la pafupi. Anzanga akamasewera fulaye ndi phada, ine ndinkadutsa chapatali, mwala uli m'kathumba ka nsalu m'khosi. Poyamba ankandiitana. Kenako anatopa, nandipatsa dzina loti Namasamba, ndipo ena ankandifunsa ngati ndayamba using'anga kuti ndiwapatseko mankhwala okhozera masamu. Sindinawauze chimene ndinkafuna. Ndinkaopa kuti wina angaupeze mtengowo ine ndisanaupeze, ababa n'kudzasangalala ndi mwana wa eni.

Kamodzi ndinayesa kuti ndaupeza. Unali mwimbi, mtengo wa m'mphepete mwa madzi, wa masamba aatali osongoka. Nditagoneka tsamba lake pamwala linaoneka ngati lagwirizana. Tsiku lotsatira la sitima ndinasamba, ndinadzola mafuta a amayi mobisa, ndinakakhala pa siteshoni tsamba lili m'manja. Anatsika amayi ena a mitolo ya nzimbe, anatsika msilikali, anatsika mkulu wina ndi njinga. Sitima inapita. Pobwerera ndinakhala pansi m'njira n'kuliyang'ananso bwinobwino tsamba lija, ndipo ndinaona kuti timitsempha take sitinali tothinana ngati ta m'mwala. Ndinaganiza kuti ababa adziwa kumeneko kuti ndalakwitsa.

Munthu mmodzi yekha amene sanandiseke anali amayi. Tsiku lina anapita ku maliro a achibale awo kumtunda, cha ku Kandeu, ndipo pobwera anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chawo, paja amayi amasungapo timakobiri. Munali tsamba lopindidwa bwino.

"Tayesa ili. Akuti ndi pichesi. Kuno sumera."

Tinakhala pakhonde mitu itagundana, ine ndikugoneka tsamba pamwala. Silinagwirizane. Koma amayi sanadzuke msanga monga ankachitira. Anayamba kundiuza kuti ababa, munthu wotsika pansi pa dziko wopanda mantha uja, ankaopa misundu ya m'dambo, moti tsiku lina anathawa m'munda wa mpunga kusiya khasu, apongozi awo akuona. Ndinaseka mpaka kugwa chagada. Kuyambira pamenepo, amayi akapita kutali, kaya ku chipatala cha ku Nzama kaya kukagula mbatata kumtunda, ankabwera ndi tsamba pamfundo. Nthawi iliyonse linkalephera, ndipo nthawi iliyonse pankatsatira kankhani ka ababa. Masiku amenewo ndiwo ankakhala okoma m'chaka chonse.

Khirisimasi ikamayandikira amuna a m'mudzi mwathu ankatsika sitima ndi mabokosi awo. Amayi ankazira nyumba yonse ndi dothi lakuda la kudambo, n'kusalaza pansi ndi nkhulungo, kamwala kosalala kaja, mpaka kuwala. Ankachapa bulangeti limene sitinkafunda. Ankapatula tambala. Kenako Khirisimasi inkadutsa, tambala n'kubwerera kwa anzake. Amuna obwerawo akakumana nafe ankalankhula mofulumira, maso ali kumbali. Ena ankati ababa anasamukira ku mgodi wina, ena ankati sanaonane nawo. Kuchitsime ndinayamba kumva mawu akuti mtchona, amene amatchulira munthu wopita kunja osabweranso, ndipo amayi ena ankatsitsa mawu ine ndikafika. Ndinkawayang'ana ndi mkwiyo. Ndinkadziwa ndekha chimene chikuchedwetsa bambo anga, ndipo chinkandilemera ngati mtsuko wodzaza.

Nditafika zaka khumi, mitengo yonse ya m'dera lathu ndinali nditaimaliza, kupatula malo amodzi. Kumanda kwathu kuli nkhalango yowirira imene palibe amadulako nkhuni, ndipo mitengo yake ndi yakale kuposa ina yonse. Munthu salowako popanda maliro, ndipo mwana salowako n'komwe. Ndinalimbana ndi maganizo amenewo nthawi yaitali. Tsiku lina masana, anthu ali kuminda, ndinalowa. Munali mozizira ndi mwachete, moti ndinkamva masamba ouma akuphwanyika kumapazi kwanga ngati ndikuponda mbale. Ndinadutsa mitumbira yakale yophwera, mbale zobooledwa, mitanda yodyedwa ndi chiswe. Ndinadziwa kuti penapake pamenepo pagona mchimwene wanga, koma sindinadziwe pati. Ndinathyola masamba mwachangu n'kudzaza kutsogolo kwa diresi. Potuluka ndinakumana maso ndi maso ndi mkulu wina wa gulu lokumba manda, akuchokera kokaonjola misampha.

Nkhani inafika kwathu ine ndisanafike. Akuluakulu anakhala pansi, ndipo amayi analipira nkhuku, thadzi lathu lomwe linkaikira mazira. Ena ananena poyera kuti mwana wopanda bambo pakhomo amakula chonchi. Madzulo ake ndinayembekezera chikwapu, ndipo ndinali nditakonzeka kuchilandira. Amayi anangokhala pamphasa akusankha mpunga m'lichero. Patapita nthawi anafunsa osandiyang'ana.

"Nanga unalipeza?"

"Ayi."

"Usadzapitekonso."

Zinathera pomwepo, koma anzanga ochepa amene anali atatsala anauzidwa kwawo kuti asamayende nane.

Yankho linabwera chaka chotsatira, m'kalasi, ine ndisakuliyembekezera. Tinkaphunzira za nthaka ndi miyala, ndipo mtsikana wina wokhala kumbuyo kwanga, pofuna kuseketsa anzake, anauza aphunzitsi a Mwale kuti Namasamba amayenda ndi mwala wa mankhwala m'khosi. Aphunzitsi anandiuza kuti ndiutulutse. Atauona anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso. Sindinawaonepo atasangalala chotero. Anauyendetsa mzere ndi mzere kuti aliyense aone, akuchenjeza kuti wougwetsa aona zakuda.

Anafotokoza kuti kalekale, zaka mamiliyoni ambirimbiri zapitazo, munthu asanakhaleko padziko, kunali nkhalango zazikulu m'madambo. Masamba ankagwera m'matope, matope ena n'kukwirira pamwamba, ndipo m'kupita kwa nthawi matopewo anauma n'kusanduka mwala, tsamba litadindika m'kati. Mitengo yambirimbiri ya nkhalango zimenezo ndiyo inasanduka malasha amene abambo athu amakumba. Anawonjezera kuti ngakhale kwathu konkuno, kumpoto cha ku Karonga, pansi pamapezeka mafupa a zinyama zikuluzikulu zimene palibe munthu anazionapo zamoyo. Kwa nthawi yoyamba anzanga anandiyang'ana ngati munthu wosunga chinthu chofunika.

Ndinakweza dzanja.

"Aphunzitsi, nanga mtengo wa tsamba limeneli umapezeka kuti?"

"Kulibe," anayankha mokondwa, ngati akundipatsa mphatso. "Mtundu umenewu unatha kalekale. Ungayende dziko lonse lapansi, sungaupeze."

Wina kumbuyo anaphulika ndi phwete, ena n'kutsatira. Ine sindinalire. Ndinangotsitsa dzanja langa. Aphunzitsi sanadziwe chimene anaphwanya, koma nkhope yanga anaiona. Belu litalira anandibwezera mwala ndi manja awiri.

"Mtengowo unalipo ndithu, mwana iwe," anatero motsitsa mawu. "Unamera, unali ndi mthunzi. Mwala uwu ndi umboni wake. Kungoti unatha."

Ndinayenda ndekha m'mbali mwa njanji kubwerera kunyumba, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinayang'ane mtengo uliwonse. Khirisimasi inali pafupi. Ndinapeza katundu ali panja, amayi atagwada m'nyumba akuzira, dothi lili mpaka m'zigongono. Ndinaima pakhomo.

"Amama, mtengo uja kulibe. Aphunzitsi akuti unatha anthu asanakhaleko."

Nkhulungo inaima pang'ono, kenako inapitiriza.

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Ababa ako anandiuza okha. Akuti mzungu woyeza miyala kumgodiko ndiye anawauza. Pa siteshoni paja anangofuna kuti usiye kulira."

Mkwiyo unandikwera ngati moto wa udzu. Mwana wa kwathu sakweza mawu kwa mayi ake, koma tsiku limenelo ndinakweza. Ndinawafunsa za masamba onse aja a pamfundo, za pichesi wa ku Kandeu, za thadzi limene analipira. Ndinawafunsa chifukwa chake ankandiona ndikuzungulira m'tchire ngati wamisala, anzanga akundiseka, iwo ali chete. Anandisiya mpaka mawu anandithera. Kenako anakhala tsonga, maso ali pa dothi limene anali atasalaza.

"M'nyumba muno dzina la ababa ako limamveka liti? Kuchitsime sindingawatchule, amandimvera chisoni. Kwa achibale anga sindingawatchule, amati ndikwatiwenso. Koma ukatulutsa mwala wakowo, timakhala pansi awiri n'kuwatchula. Ndikanakuuza, ndikanatsala ndekha."

Sindinamvepo amayi akulankhula mawu ambiri chotero nthawi imodzi. Mkwiyo unayamba kuphwa, ndipo pansi pake panatsala funso limene ndinali ndisanafunsepo munthu aliyense.

"Ndiye si ine ndawachedwetsa?"

Amayi anatembenuka. Anandiyang'ana ngati akuona mwana wina amene sakumudziwa.

"Wati chiyani?"

"Anati ndikaupeza abwera. Ine sindinaupeze."

Nkhulungo inagwa m'manja mwawo. Anayenda ndi mawondo pa dothi losauma lija, kuwononga ntchito yawo yonse ya tsikulo, mpaka kufika pakhomo pamene ndinaima. Anandigwira masaya ndi manja amatope. Iwo ankayesa kuti kwa ine kufunafuna mtengo kuja ndi masewera chabe. Sankadziwa kuti zaka zonsezo ndinkagona ndi mlandu.

"Ayi, mwana wanga. Si iwe. Ngakhale ukanaupeza m'mawa mwake momwemo, si iwe."

Tinalira pamenepo mpaka dothi linauma pamasaya panga n'kuyamba kukoka khungu. Kenako amayi anandipatsa nkhulungo ina, ndipo tinasalaza limodzi pamene mawondo awo anadinda. Khirisimasi ya chaka chimenecho tambala uja tinamudya.

Ababa sanabwerenso. Ena anati anakwatira kumeneko, ena anati chifuwa cha kumigodi chinawatenga ndipo anaikidwa ndi anthu osadziwa mfunda wawo. Mpaka lero sindidziwa choona. Kwa zaka zambiri ndinkavutika kuti ndiwaike mbali iti, ya bambo wondikonda kapena ya munthu amene ananamiza mwana kuti amasule mwendo wake akwere sitima. Tsopano, pamene ndapitirira msinkhu umene iwo anali nawo tsiku lija, ndasiya kuwasankhira mbali. Zimene aphunzitsi a Mwale ananena za mtengo ndi zimene ndimanena za iwo. Analipo ndithu, ankaimba mluzu pometa ndevu, ananyamula mwala m'sokosi ulendo wonse wochokera ku Joni poganizira ine. Kungoti anatha.

Chimene ndinachedwa kuchimvetsa ndi cha amayi. Ndinkayesa kuti wosungulumwa m'nyumba ija ndinali ndekha, chonsecho tinali awiri, tikugona mphasa zoyandikana, aliyense atabisira mnzake katundu wake. N'chifukwa chake ana anga sindimawatonthoza ndi lonjezo limene sindingalikwaniritse, ndipo mwana akakhala chete kwambiri ndimamufunsa chimene wasenza.

Mwala uja uli pawindo la kuchipinda kwanga, pa Ntcheu paboma pomwe ndimakhala. Amayi akalamba, maso ayamba kuchita nkhungu, ndipo amabwera kunyumba kwanga akakhala ndi tsiku la kuchipatala. Ulendo wapitawu, atapuma n'kumwa madzi, ndinawaona akulimbana ndi mfundo ya pansonga ya chitenje, zala zikukanika. Ndinayesa kuti akufuna kupatsa adzukulu awo ndalama ya maswiti. Anatulutsa tsamba la mtengo wina wa maluwa umene anaupeza pa geti la chipatala.

"Tayesa ili," anatero.

Ndinakatenga mwala. Tinakhala pakhonde mitu itagundana, yonse iwiri ya imvi, ndipo ndinaligoneka bwinobwino pa linzake. Silinagwirizane. Amayi anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zomwe amayembekezera, anakonza chitenje chawo, n'kuyamba kundiuza za tsiku limene ababa anathawa misundu.